Funsani Makaniko: Galimoto yanga imacha itagwada kutsogolo

Funso: Bambo makaniko, ndili ndi Land Rover Discovery 3 ya 2007 yomwe ndinagula kwa munthu chaka chatha. Kwa masabata atatu tsopano, ndikaiimika madzulo ili bwinobwino, m'mawa ndimaipeza itatsika, makamaka kutsogolo. Ndikaliza injini imadzuka, koma kompresa ikumalira nthawi yaitali kusiyana ndi kale, ndipo dzana galimotoyo inalemba kuti "Suspension fault, normal height only", kutanthauza kuti zoikweza ndi kuitsitsa zavuta, ikhala pamsinkhu wa masiku onse basi. Kugalaja ina andiuza kuti ndigule kompresa yatsopano. Mnzanga akuti ndingochotsamo zonse n'kuikamo masipiling'i achitsulo. Ine ndimakonda kugwira sipanala ndekha. Kodi ndingathe kukonza pakhomo? Wowerenga wanu, Mulanje.

Yankho: Zikomo bambo polemba. Ndikupempheni chinthu chimodzi, kompresayo musagule kaye. Galimoto imene imatsika itaima usiku ndiye kuti ikuthawitsa mpweya penapake, ndipo kompresa siitsitsa galimoto, ntchito yake ndi kupopa basi. Kulira nthawi yaitaliko n'chifukwa ikudzaza ndowa yobooka. Mukaika yatsopano osatseka pobookapo, nayonso ipsa chimodzimodzi. Ndinalandirapo galimoto ya mtundu womwewu mwini wake atagula kale makompresa awiri m'chaka chimodzi, pamene chinkavuta chinali timphira tating'ono ta mu valavu, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya mpweya. Zinandiwawa mumtima, chifukwa ndalama zimenezo zikanalipirira ana sukulu.

Discovery 3, yomwe inapangidwa kuyambira 2004 mpaka 2009, imakhala pa zibaluni zinayi zamphira zodzaza mpweya m'malo mwa masipiling'i, chimodzi pa tayala lililonse, ndipo zimenezi ndiye air suspension. Kompresa ili pansi, kumanzere, patsogolo pang'ono pa tayala lakumbuyo. Imadzaza thanki ya mpweya, ndipo mavalavu ndi amene amagawira mpweyawo kuzibaluni. Pa tayala lililonse pali sensa yomwe imauza kompyuta msinkhu wa mbali imeneyo. Ndiye pali khalidwe lina limene limasokoneza anthu ambiri: galimotoyi ngakhale mwazimitsa n'kukiya, kompyuta imadzuka nthawi ndi nthawi n'kulinganiza mbali zonse. Ikaona kuti mbali imodzi yatsika, imatsitsanso zinazo kuti zifanane nayo. N'chifukwa chake m'mawa mumapeza yonse itagwada, osadziwa kuti yayambitsa ndi mbali iti.

Chitani izi Loweruka madzulo. Imikani galimoto pamalo osalala, pa simenti ngati mungathe, ili pamsinkhu wake wa masiku onse. Tengani tepi muyeze kuchokera pakatikati pa tayala kufika m'mphepete mwa bodi pamwamba pake, matayala onse anayi, ndipo mulembe papepala. Ikakhala bwino imapereka pafupifupi mamilimita 466 kutsogolo ndi 485 kumbuyo. Kenako zulani fyuzi ya air suspension monga yasonyezedwera m'buku la galimoto, kapena masulani waya wa negativu pa batire, kuti kompyuta igone tulo tenitenti. Lamlungu m'mawa yezaninso. Ngati yatsika mbali imodzi yokha, kayang'aneni chibaluni cha mbaliyo ndi paipi yake. Ngati mbali zonse ziwiri zakutsogolo zatsikira limodzi mofanana, ine ndimayamba kukayikira valavu yakutsogolo. Kwa inu ndikuganiza kuti n'kumeneko, koma tepiyo ndi imene ikuuzeni zoona.

Mukadziwa mbali, sungunulani sopo wotsukira mbale m'botolo lopopera, mupopere polumikizira mapaipi ponse, pamwamba pa chibaluni ndi pa valavu. Pothawa mpweya pamatukusira thovu ngati nkhanu ili m'dzenje. Nthawi zina thovulo limachedwa, choncho dikirani mphindi zingapo musanapite pena. Chibaluni chenichenicho chimavuta kuchiona chifukwa chinaphimbidwa, ndiye pamenepo ntchito ndi ya khutu: kwezani galimoto ifike pamwamba penipeni, zimitsani injini, muike khutu pafupi. Mphira imang'aluka popindika, pamene pamakhudzana tsiku ndi tsiku ndi fumbi komanso timiyala, ndipo ming'aluyo imatseguka galimoto ikasintha msinkhu. Mphira ya 2007, ngati sinasinthidwepo, yagwira ntchito yake mokwanira.

Tsopano mundimvetsere bwino, chifukwa apa m'pamene pali moyo wanu. Galimoto iyi imalemera pafupifupi matani awiri ndi theka, ndipo chikuigwira m'mwamba ndi mpweya wokha. Paipi ikangosomphoka, bodi imagwa kamodzin'kamodzi, munthu osapeza mpata wotulutsa mutu kapena mkono. Musalowe pansi, musalowetse ngakhale dzanja pakati pa tayala ndi bodi, musanaike ma axle stand, miyendo yachitsulo yochirikiza galimoto, pa chasisi. Jeke yekha ayi. Njerwa ayi, zimaphwanyika osachenjeza. Fyuzi ija ikhale yozula nthawi yonse imene muli pansipo. Mpweya wa m'thanki umatha kupitirira ma bar 15 (bar ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya), pamene tayala mumalipopa 2 ndi pang'ono, choncho paipi muziimasula pang'onopang'ono, mpweya uyambe watuluka wonse, maso mutawateteza ndi magalasi.

Mukapeza kuti ndi valavu, mutha kuitsegula patebulo loyera n'kusintha timphira take, kapena kugula yathunthu. Jambulani ndi foni musanazule mapaipi kuti iliyonse idzabwerere pamalo pake. Mukatsegula muone ngati muli ufa woyera ngati wa chinangwa. Ufawo umachokera mu dryer, kachitini kamene kali pa kompresa. M'menemo muli timikanda ta silica toyamwa chinyezi, ndipo tikakhuta madzi timafumbutuka, ufa n'kumayenda m'mapaipi mpaka kukatsamwitsa mavalavu. Kwanu ku Mulanje, ndi mvula komanso nkhungu ya kumeneko, ine ndingasinthe timikandato ndi mafyuluta ake ngakhale musanaone ufawo. Dryer yotsekeka imachititsanso kuti thanki izichedwa kudzaza, kompyuta n'kulemba nambala ya vuto ya C1A20, ndipo ambiri akaona nambala imeneyo amathamangira kunena kuti kompresa yafa.

Ngati ndi chibaluni, sinthani ziwiri za kutsogolo pamodzi, poti zinabadwa tsiku limodzi. Paipi ikafuna kudula, dulani ndi lezala lakuthwa mowongoka, osati ndi pulayala, imene imaifinya n'kusiya pothawira mpweya. Ndipo musatsitse galimoto kuti ikhale pa chibaluni chopanda mpweya, chimapindika molakwika n'kuwonongeka tsiku lomwelo. Tsitsani pang'ono jeke akadagwira, bwezerani fyuzi, lizani injini, chiyambe chakhuta.

Kompresa mudzaiweruze pambuyo pa zonsezi. Ikadzakhala kuti inatopadi, posintha musinthenso relay yake, kaswitchi kamagetsi koiyatsa ndi kuizimitsa, chifukwa relay yomatirira imaisiya ikulira mpaka kupsa. Galimotozi zinkabwera ndi kompresa ya kampani ya Hitachi, ndipo mukaika ya kampani ya AMK m'malo mwake pamafunika kusintha pulogalamu ya m'kompyuta. Ntchito imeneyo, komanso yolinganiza msinkhu mukasintha sensa, pitani nayo kwa amene ali ndi makina owerengera Land Rover. Zinazi mungathe pakhomo.

Za masipiling'i achitsulo, mnzanuyo sakunama, alipo ndipo amaikidwa. Munthu amene amakhala kutali ndi masipeya n'kumayenda m'midzi sabata ndi sabata sindingamuletse. Koma mudzataya mwayi wokweza galimoto pamatope ndi powoloka timitsinje, kayendedwe kake kadzauma, komanso pamafunika kachipangizo kena koti kompyuta isamangodandaula. Pa galimoto imene ikudzukabe yokha m'mawa uliwonse ngati yanuyi, ine sindingachotse. Mukayeza Lamlungu lija, mundilembere manambala onse asanu ndi atatu, amadzulo ndi am'mawa, tidzaone limodzi pogwira.