Tafunsani Tiyankhe: Kodi ndilowe m'kalesitilanti ka nkhuku yokazinga ku Japan?

FUNSO

Zikomo Akonzi. Ndili ku Fukuoka m'dziko la Japan, komwe ndikuchita maphunziro a miyezi ingapo. Pafupi ndi pamene ndikukhala pali kalesitilanti kakang'ono kogulitsa nkhuku yokazinga yotchedwa karaage komanso masangweji. Ndikamadutsapo fungo lake limandidololetsa, koma ndimaopa kulowa poti Chijapani sindichidziwa, ndiponso nyama ya nkhumba sindidya. Ndikalowa ndiitanitse chiyani, nanga ndichite bwanji kuti ndisadzichititse manyazi?

Mayi wophunzira, Fukuoka

YANKHO

Amayi, lowani ndithu, musazengerezenso. Malo ngati amenewo sadikira munthu wodziwa chilankhulo kapena wotchena. Amadyako ana asukulu, anthu ochokera kuntchito ndi agogo ogulira banja chakudya chamadzulo. Ndipo mwagwera pabwino, chifukwa chilumba cha Kyushu chimene mulicho n'chotchuka kwambiri ndi nkhuku imeneyi.

Yambani ndi karaage, ndipo muitanitse ya ntchafu, imene iwo amati momo. Ya chidale, mune, iliponso, koma ine ndimaona kuti imauma msanga, pamene ntchafu imasunga msuzi wake. Amachotsa fupa, n'kuidula zidutswa zoti muzimalize poluma kawiri kapena katatu, chikopa chili pomwepo. Kenako amainyika mu sosi wa soya wosakaniza ndi jinja ndi adyo kuti ilowerere. Akatero amaigubuduza mu ufa wosalala wa mbatatesi, ena amasakaniza ndi wa tirigu, n'kuiponya m'mafuta. Ophika ambiri amakazinga kawiri: koyamba pa moto wa madigiri pafupifupi 160 kuti ipse m'kati, n'kuivuula kuti ipume pang'ono, kachiwiri pa madigiri 180 kapena kuposerapo pang'ono kuti kunja kuume bwino. N'chifukwa chake chikuto chake chimakhala chopyapyala, chofiirira, mwina ndi timadontho toyera ta ufa uja. Mukaluma chimasweka msanga, nthunzi n'kutuluka, msuzi wa jinja n'kudzaza m'kamwa. Samalani lilime pa chidutswa choyamba, chimawotcha kwabasi.

Pempho langa lalikulu ndi ili: idyereni pomwepo ikadali yotentha. Mukaitsekera m'kabokosi n'kuyenda nayo mphindi makumi awiri, nthunzi ija imanyowetsa chikuto chonse, ndiye mudzandinena kuti ndinakunamizani. Anthu a kumeneko amaidya yozizira m'mabokosi awo a nkhomaliro, n'zoona, ndipo imakomabe, koma munthu woilawa koyamba ayenera kuimva itangovuulidwa. Ngati njala yakugwirani zedi, itanitsani teishoku: nkhukuyo imabwera ndi mpunga, supu ya soya yotchedwa miso ndi mulu wa kabichi wodulidwa mopyapyala ngati ulusi. Kabichiyo musamusiye, ndi amene amatsuka mafuta m'kamwa.

Tsono za nkhumba, apa tcherani khutu. Karaage wamba ndi nkhuku, palibe chokayikitsa. Msampha uli pa masangweji. Sangweji yotchuka kwambiri ndi katsu sando, ndipo akangolemba choncho osawonjeza kanthu, kawirikawiri m'katimo muli nkhumba yokutidwa ndi nyenyeswa za buledi zotchedwa panko. Sangwejiyi imadziwika kuti inayambira pa lesitilanti ya Isen ku Ueno mumzinda wa Tokyo mu 1935, ndipo inayamba ndi nkhumba yomweyo. Inu funani chikin katsu sando, ya nkhuku. Lembani pafoni zilembo ziwiri izi: 豚 ndi nkhumba, 鶏 ndi nkhuku. Mukaloza choyambacho n'kupukusa mutu, wogulitsa amva. Ngati simudya nkhumba pa chifukwa cha chipembedzo, pali zina ziwiri zoti mufunse. Malo ogulitsa zonse ziwiri nthawi zambiri amakazingira m'mafuta amodzi, ndipo ena amathiramo mafuta a nkhumba. Chinanso, ponyika nkhuku ambiri amathirako sake, mowa wa mpunga, kapena mirin, mowa wina wa mpunga wotsekemera. Pulogalamu yomasulira ya pafoni ikuthandizani kufunsa zimenezi, ndipo musachite nazo manyazi. Ndi bwino kufunsa n'kutuluka osagula kusiyana ndi kudya mtima uli m'mwamba.

Sangweji ya ku Japan yasiyana ndi karaage pa chinthu chimodzi: siifuna changu. Anaipangira kunyamula. Buledi wake, shokupan, ndi woyera, wofewa, wotsekemera pang'ono, ndipo nthawi zambiri amachotsa m'mphepete mouma muja. Amaidula mosamala kuti muone zam'kati zonse: buledi, kabichi, nkhuku, ndi sosi wakuda wotsekemera amene walowerera pang'ono m'buledimo. Ine pa masangweji onse mtima wanga uli pa tamago sando, ya mazira owiritsa ophwanyidwa ndi mayonesi. Mayonesi wa kumeneko, monga wa Kewpie amene anayamba kugulitsidwa mu 1925, amapangidwa ndi chachikasu cha m'kati mwa dzira chokha, n'chifukwa chake ndi wachikasu komanso wonona. Mudzaonanso sangweji ya zipatso ndi kirimu. Imadabwitsa poyamba, koma ilaweni tsiku lina.

Za kalipiridwe. Malo ena ang'onoang'ono ali ndi makina pakhomo: mumaponya ndalama, n'kudina batani la chakudya chimene mukufuna, kenako n'kupereka katikiti kwa ophika. Mabatani ambiri ali ndi zithunzi. Yendani ndi ndalama zenizeni, makamaka mapepala a 1,000 yen ndi zachitsulo, poti si onse amalandira khadi. Dziwaninso kuti dzikolo linatulutsa mapepala atsopano a ndalama mu July 2024, ndipo makina ena akale amawakana. Zikatero ingoitanani wogulitsa akusinthireni. Akakufunsani funso pa kauntala, mwina akufunsa ngati mudyera pomwepo kapena munyamula, chifukwa kuyambira mu October 2019 msonkho wa chakudya chonyamula ndi 8 peresenti pamene chodyera pamalopo ndi 10 peresenti. Ndalama yothokozera woperekera zakudya musasiye. Si mwambo wawo, ndipo akhoza kukuthamangirani panja kuti akubwezereni poyesa mwaiwala.

Zamanyazi zimene mukuopazo n'zochepa. Kansalu konyowa kamene akupatseni n'kopukutira m'manja musanadye. Madzi akumwa ndi aulere, nthawi zina mumadzithirira nokha. Timitengo todyera musatizike choimirira mu mpunga, chifukwa amatero pa miyambo ya maliro. Kudya mukuyenda mumsewu ambiri sakondwera nako, ndipo motaya zinyalala m'misewu ndi mosowa, choncho mapepala anu asiyeni pamalopo kapena muwasunge m'chikwama. Potuluka nenani kuti gochisousama deshita, ndiko kuthokoza kwawo munthu akamaliza kudya.

Koma kamodzi aka kasungeni, poti ngakhale eni dziko amatsutsana nako. Karaage amabwera ndi kachidutswa ka ndimu. Mukakhala nokha, finyirani mmene mukufunira. Mukakhala ndi anzanu pa mbale imodzi, musafinyire nkhuku yonse musanafunse. Ena amadana nazo chifukwa madzi a ndimu amafewetsa chikuto chija. Tengani chidutswa chanu, muike pa kambale kanu, mufinyire pamenepo. Ine ndimadya choyamba chopanda ndimu kuti ndimve dzanja la wophika, zotsalazo ndiye ndimafinyira.

Mukaizolowera, yesaninso chikin nanban, yochokera ku Miyazaki pa chilumba chomwecho: nkhuku yokazinga yoviikidwa mu viniga wotsekemera, pamwamba n'kuthirapo sosi woyera wa mazira ndi anyezi. Ndipo Loweruka lina kwerani sitima pa siteshoni ya Hakata mu Fukuoka momwemo, yolowera ku Oita, mukatsike ku Nakatsu. Tauniyo pamodzi ndi Usa, yoyandikana nayo, n'zodziwika m'dziko lonselo chifukwa cha timasitolo togulitsa karaage yokhayokha. Kumeneko mumagula poyeza kulemera, magalamu 100 kapena 200, ndipo ambiri amakazinga mutaitanitsa kale, choncho konzekani kudikira mphindi zingapo. Sitolo iliyonse ili ndi kanyikidwe kake, ena adyo wambiri, ena mchere wokha, ndiye gulani pang'onopang'ono m'malo awiri kapena atatu.