Dzino linachira, mimba n'kuyamba zake

Mayi wina wanditumizira imelo usiku wathawu. Wangomaliza kumwa maantibayotiki, m'mimba mukungolira ndi kutsegula, ndiye akufunsa ngati agule ma probiotic kapena ma prebiotic, komanso ngati ziwirizi n'chimodzimodzi.

Amayi, nditawerenga ndinaseka ndekha, osati kuseka inu ayi. Ndinakumbukira dzino langa.

Linali lakumapeto kwenikweni, ndipo linatupitsa tsaya mpaka diso kuchepa. Adokotala anandipatsa maantibayotiki a masiku 7. Dzino linachira, mimba n'kuyamba zake. Usiku ndinkagona chitseko cha kuchimbudzi chili chotsekula kuti ndisataye nthawi. Ndinagula botolo la makapisozi a ma probiotic lolembedwa mabiliyoni a tizilombo pachikuto, ndinkamwa m'mawa uliwonse ndi chikhulupiriro chonse, koma sindinaone kusintha koti n'kuloza. Kenako ndinawerenga kuti chofunika ndi faiba, mbali ya zakudya zochokera ku zomera yomwe mimba siigaya. Tsiku limodzi lomwelo ndinadya mbale yodzaza nyemba, anyezi wosaphika, oats ndi nthochi zitatu. Kutacha ndinali pamsonkhano wa kuntchito, mimba ili ndi! ngati ng'oma, lamba nditamasula pansi pa tebulo. Ndinatuluka kawiri ndikunamizira foni. Mnzanga amene anali pambali panga mpaka lero sanayambitsepo nkhaniyi, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezo.

Vuto ndi loti maantibayotiki sasankha. Akamapha mabakiteriya otupitsa tsaya amakokolanso ena a m'matumbo omwe sanalakwe kanthu. Munthu wamkulu amakhala ndi mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ambiri mwa iwo m'thumbo lalikulu, ndipo akasokonekera mimba imadziwa msanga.

Ma probiotic ndi tizilombo tamoyo tomwe mumameza. Akatswiri a WHO ndi FAO, mabungwe a United Nations oona za umoyo ndi za chakudya, mu 2001 anati dzinali ndi la tizilombo tamoyo tomwe timapindulitsa thanzi tikamwedwa pa mlingo wokwanira, ndipo opanga mabotolo amakonda kuiwala mbali yomalizayo. Ma prebiotic si amoyo. Ndi chakudya cha tizilomboto, ndipo dzinali asayansi Glenn Gibson ndi Marcel Roberfroid analiyambitsa mu 1995. Chitsanzo ndi inulin, faiba yemwe ali mu anyezi ndi adyo. Mimba yathu imalephera kumugaya, amadutsa wathunthu mpaka m'thumbo lalikulu, mabakiteriya n'kumudya n'kutulutsa zinthu monga butyrate, yemwe maselo a khoma la thumbolo amapezako mphamvu. Amatulutsanso mpweya. Umenewo ndi umene unandithamangitsa pamsonkhano paja.

Nkhani yomeza tizilombo si ya lero. Wasayansi Élie Metchnikoff, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1908, ankakhulupirira kuti alimi a ku Bulgaria ankakhala moyo wautali chifukwa cha mkaka wosasa, ndipo iyenso ankaumwa tsiku ndi tsiku ali ku Paris. Anamwalira mu 1916 ali ndi zaka 71. Sindikumunyoza, anali katswiri weniweni, kungoti kuyambira nthawi imeneyo malonjezo akhala akuthamanga kuposa umboni.

Ndinayamba kulemba ndikufuna kuyankha mosakondera mbali, koma ndalephera. Mabotolo ambiri a ma probiotic, kwa munthu wathanzi, ndi kutaya ndalama. Tizilombo ta m'kapisozi ndi alendo, ambiri amadutsa n'kutuluka mukangosiya kumwa. Eni mudzi ali kale m'matumbomo, ndipo chomwe akusowa ndi chakudya. Mu 2018 ofufuza a ku Weizmann Institute ku Israel anapeza kuti anthu omwe anamwa ma probiotic atamaliza maantibayotiki, mabakiteriya awo enieni anachedwa kubwerera m'chimake kuposa a anthu omwe sanamwe kanthu. Anthu ake anali ochepa, inde, koma nditawerenga ndinaliyang'ana botolo langa lija ndi diso lina.

Chimandikwiyitsanso ndi mawu oti "probiotic" pachikuto popanda dzina la mtundu wake. Zili ngati kukugulitsani "mankhwala" osanena kuti ndi a matenda anji. Mitundu ina ili ndi umboni ndithu. Lactobacillus rhamnosus GG ndi Saccharomyces boulardii zimachepetsa kutsegula m'mimba kobwera ndi maantibayotiki, makamaka zikayambidwa pamodzi ndi mankhwalawo. Yachiwiriyo ndi yisiti, osati bakiteriya, choncho maantibayotiki saipha.

Nanga inu mutani?

Poti mankhwala mwamaliza kale, ine ndikanayamba ndi mbale. WHO imati munthu wamkulu azidya faiba wosachepera magalamu 25 patsiku, koma onjezerani pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, mukumwa madzi okwanira, musachite zanga zija. Yogati ndi wabwino ngati pachikuto palembedwa kuti muli tizilombo tamoyo, chifukwa mu wotenthetsedwa atasasa kale timakhala titafa. Ngati chitetezo cha m'thupi mwanu ndi chofooka, musamwe makapisozi musanafunse adokotala. Ndipo kutsegulako kukapitirira masiku angapo, kapena mukaona magazi, thupi kutentha, m'mimba kupota kwambiri, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukanene kuti munamwa maantibayotiki, chifukwa pali kachilombo kotchedwa Clostridioides difficile komwe kamapezerapo mwayi anzake akaphedwa.