Tsiku lomwe 80 anasanduka 20480

Mnyamata wina amene akuphunzira chiyankhulo cha mapulogalamu cha C wandilembera imelo. Code yake ili ndi <endian.h>, header (fayilo yoitanira pamwamba pa code) yothandiza kusintha dongosolo la ma byte m'nambala. Pa Linux ikuyenda, koma pa Mac ikukana kukompaila. Akufunsa kuti aike header iti.

Achimwene, mwandikumbutsa zowawa.

Chaka china ndikukhala ku Luwinga ndinalemba kapulogalamu kowerenga manambala ochokera ku sensa. Pa laputopu zonse zinali bwinobwino. Nditakaika pa karauta kakale ka purosesa ya MIPS, pamene pamayenera kutuluka 80 panatuluka 20480. Usiku wonse mvula ikuwaza pamalata, kuzizira kwa Mzuzu kuja kolowa m'mafupa, ine ndili kalikiliki kusintha zingwe. Ndinatukwana rauta, ndinatukwana wondigulitsa. Tambala akulira m'pamene ndinazindikira kuti wolakwa ndine ndemwe. 80 mu hex ndi 0x0050. Tembenuzani ma byte awiriwo mupeza 0x5000, ndiye 20480 uja. Posunga nambala, laputopu ya purosesa ya x86 imayamba ndi byte yaing'ono, karautako kamayamba ndi yaikulu, ndipo ine ndinangotumiza struct yonse ndi memcpy ngati ndikukhuthulira ufa m'thumba.

Chichokereni tsiku limenelo, ma header amenewa sindiwakhulupirira. Ali ngati ma charger a foni zakale, iliyonse ndi kamwa lake. Linux ili ndi <endian.h>, FreeBSD ili ndi <sys/endian.h>, macOS ili ndi <libkern/OSByteOrder.h> ndi mayina akeake ngati OSSwapHostToBigInt32. Windows imabisa htonl, function yoika ma byte m'dongosolo la netiweki, mu <winsock2.h>, kenaka n'kukukakamizani kulinka ws2_32 chifukwa cha ma byte anayi okha! POSIX, muyezo wa makina a mtundu wa Unix, yangovomereza <endian.h> mu 2024, makina akale sakudziwa n'komwe. Ndikaona munthu waunjika ma #ifdef khumi pamwamba pa fayilo ndimangopukusa mutu. Ameneyo akudzitchera yekha msampha.

Nanga muike iti?

Ngati ndi ma port ndi ma adilesi a socket, <arpa/inet.h> yokhala ndi htons ndi htonl ikukwanirani pa Linux ndi pa Mac pomwe, kungoti pa Linux ya 64-bit mulibemo. Zina zonse, <stdint.h> basi, ma byte muziwatola nokha:

(uint32_t)p[0]<<24 | (uint32_t)p[1]<<16 | (uint32_t)p[2]<<8 | p[3]

Mzere umenewu umawerenga ma byte anayi kuyambira yaikulu, ndipo sufunsa kuti makina ndi amtundu wanji. Za liwiro musade nkhawa, ma compiler a GCC ndi Clang amauzindikira n'kuusandutsa bswap, lamulo limodzi lotembenuza ma byte, pa x86 mukayatsa -O2. Onetsetsani kokha kuti p ndi pointer ya unsigned char.