Kwa achemwali ofunsa za ulendo wa bambo ku St Andrews

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati bambo akubwera kuchokera ku Lilongwe mu Juni limodzi ndi mayi, bambowo gofu ili m'magazi koma mayi sasewera, ndiye mukuzunguzika ngati ndalama zonse muzithire pa bwalo la gofu la Old Course ku St Andrews, ku Scotland kuno, kapena mupeze kalabu yaing'ono yotsikirako mtengo. Za mitengo sindichulutsa. Ine ndinena za malandiridwe, chifukwa pa nkhani yanuyi m'pamene pagona zonse. Gofu imatenga maola anayi kapena asanu, ndipo maola amenewo ndi a bambo okha. Nthawi yofika ndi nthawi yokhala pansi masewero atatha ndi ya nonse atatu, ndipo mayi akabwerera kumudzi akakamba zimenezo, osati za mpira umene sanauone n'komwe.

Choyamba muwachenjeze bambo za chinthu chimodzi, angakhumudwe atafika. Nyumba yamiyala ija amaiona pa TV, yomwe yaima kumbuyo kwa tee (poyambira kumenya mpira) yoyamba ndi green (kapinga wosalala pomwe pali dzenje) yomaliza, sakalowamo. Ndi ya mamembala a Royal and Ancient Golf Club, kalabu yomwe inayamba mu 1754, ndipo nyumbayo inamangidwa mu 1854. Bwalo lenilenilo si la kalabuyo ayi. Ndi malo a anthu onse, ndipo likuyang'aniridwa ndi bungwe la St Andrews Links Trust lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la nyumba ya malamulo mu 1974. Ndiye munthu amalipira mapaundi opitirira 300 nyengo yotentha, n'kusewera bwalo lotchuka kuposa onse padziko, koma khomo la nyumba ija amangoliona ndi maso. Alendo ali ndi yawo, Links Clubhouse, chapafupi ndi pomwe amayambira mabwalo ena awiri, New Course ndi Jubilee. Muli mosinthira zovala, mosambira, chakudya chabwino, ndipo ogwira ntchito ndi aulemu. Koma ndinene mosabisa: aliyense m'menemo ndi mlendo. Palibe mwininyumba woti adzuke pampando n'kukufunsani kuti mwayenda bwanji. Bambo anazolowera kalabu yomwe wogulitsa pa bala amawadziwa dzina ndi chakumwa chawo, ndiye kusiyanako akakumva.

Komabe St Andrews ili ndi chake chomwe malo ena alibe, ndipo ndicho chimandikoka ine. Ntchito yolandira alendo imagwiridwa ndi tawuni yonse. Bwalo limathera m'kati mwa tawuni. Pali kamsewu kotchedwa Granny Clark's Wynd komwe kamadutsa pakati penipeni pa dzenje loyamba ndi lomaliza, ndipo osewera amadikira kuti oyenda pansi ndi magalimoto adutse. Anthu amatsamira mpanda woyera m'mbali mwa green ya 18 kuonerera osewera omwe sakuwadziwa, ndipo mpira ukalowa bwino amaomba m'manja. Tangoganizani bambo akumaliza, azungu osawadziwa akuwaombera m'manja, mayi ali pompo ndi foni. Akatero anthu amapita ku Jigger Inn, kanyumba koyera pafupi ndi dzenje la 17, kapena ku Dunvegan komwe makoma adzaza ndi zithunzi za osewera otchuka. Kumeneko n'komwe nkhani za tsikulo zimakambidwa, ndipo palibe wofunsa khadi la umembala.

Kwa mayi, St Andrews ndi malo osavuta. Gombe la West Sands lili pomwepo. Kutsidya kwa msewu kuli nyumba yosungiramo mbiri ya gofu, ndipo pamwamba pake pali pomwera tiyi. Chachikulu ndi kabwalo kotchedwa Himalayas, kazitundazitunda, kongokankhira mpira m'dzenje basi. Eni ake ndi kalabu ya amayi yomwe inayamba mu 1867, koma nthawi zambiri aliyense amaloledwa pa ndalama yochepa, ndodo ndi mpira amabwereketsa pomwepo. Agogo, ana, anthu oti sanagwirepo ndodo ya gofu, onse amasewera akuseka. Mayi mukawalowetse pamenepo, ndipo musadabwe akawagonjetsa bambo.

Za kalowedwe pa Old Course ndidutse mwachangu. Mu Juni malo osungitsiratu ndi ovuta, njira yotsala ndi mayere omwe amachitika masiku awiri lisanafike tsiku losewera, ndipo pamafunika osewera osachepera awiri. Wosewera yekha ali ndi mayere akeake. Handicap, nambala yoonetsa luso la wosewera, isapitirire 36, choncho bambo anyamule umboni wochokera ku kalabu yawo. Lamulungu sipaseweredwa gofu, kupatula pakakhala mpikisano waukulu. Bwalo limasanduka paki, anthu amayendapo ndi ana ndi agalu, ndipo chithunzi pa kamlatho ka Swilcan mujambula ulere. Mayere akakukanani, New Course ili pambali pomwepo ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Dzina lisakupusitseni, anaitsegula mu 1895, dziko lathu likutchedwabe British Central Africa.

Tsopano za makalabu aang'ono. Mukatsata gombe la dera la Fife kumwera kwa St Andrews mupeza Crail, Anstruther ndi Elie, onse pa mtunda wosafika ola limodzi pagalimoto. Crail Golfing Society inayamba mu 1786, ndipo clubhouse yake yakhala pamtunda moti munthu ali pa zenera amaona nyanja ndi maenje omalizira. Mayi atha kukhala pamenepo ndi tiyi wawo n'kumawaona bambo akulimbana ndi mphepo. Ku Elie dzenje loyamba limayamba ndi chitunda chomwe chimabisa kutsogolo, ndiye woyambitsa osewera amasuzumira pa chipangizo choonera pamwamba chomwe anachichotsa m'sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi, HMS Excalibur. Mukapempha mwaulemu amakulolani kusuzumira nanunso. Tinthu totere timaoneka tachabe, koma munthu amafika ali womangika, akuopa kulakwitsa pamaso pa eni malo, ndipo akangoseka kamodzi asanamenye mpira woyamba thupi limamasuka. Gofu ya munthu womasuka ndi ya munthu wamantha si imodzi.

Kalabu yabwino imadziwika m'mphindi zoyamba. Mukalowa mu shopu, amene ali pamenepo amadzutsa mutu, amapeza dzina lanu pa ndandanda, amakuuzani nambala yotsegulira chitseko cha kosinthira zovala musanafunse, n'kukuuzani kuti khitchini itseka nthawi yanji. Zikuoneka zazing'ono, koma mlendo sadziwa chitseko choti alowere, ndipo mwamuna wamkulu ngati bambo safuna kuoneka wosochera. Ndinapitapo ku kalabu ina, sinditchula dzina, bwalo lake lokongola ngati pa kalendala, koma titalowa m'chipinda chochezera macheza anaima, wa pa bala anatumikira ena omwe anabwera pambuyo pathu, ndipo chakudya tinakadyera m'tawuni. Maenje ake sindiwakumbukanso. Chomwe ndimakumbuka ndi chete uja.

Malo ngati amenewo ndi ochepa kuno, ndisakuopsezeni. Kawirikawiri zimayenda mwa mtundu wina. Wina wa pa tebulo loyandikana amafunsa kuti mwasewera bwanji, kenaka kuti mwachokera kuti, ndipo mukangoti Malawi mwatsegula mpopi. Anthu a ku Scotland dziko lathu amalidziwa kuposa mmene ambiri timaganizira. David Livingstone anabadwira ku Blantyre wa kuno mu 1813, ndipo mipingo, sukulu ndi zipatala zambiri zili pa ubale ndi zinzake za kwathu. Simuchedwa kupeza nkhalamba yomwe mpingo wake uli pa ubale ndi mpingo wa ku Ekwendeni kapena ku Zomba, kapena yomwe mwana wake anakagwirako ntchito ya udokotala. Bambo akavale malaya a chizindikiro cha kalabu yawo ya ku Lilongwe. Macheza amayambira pamenepo.

Ena pagulu pano adandaula za malamulo a m'makalabu, akuti ndi njira yothamangitsira anthu. Ine ndimawaona pawiri. Ambiri mwa malamulowo ndi ulemu wamba womwe bambo akuudziwa kale: chipewa chimavulidwa polowa m'nyumba, foni siilira m'chipinda chodyera, zovala zonyowa ndi nsapato za pabwalo zimatsala kosinthira, ndipo pa green yomaliza mumavula chipewa n'kugwirana chanza ndi omwe mwasewera nawo. Vuto silikhala lamulo, limakhala kanenedwe. Kalabu ina imakuuziranitu posungitsa malo kuti m'chipinda chakuti mumafunika jekete. Ina imadikira kuti mukhale pansi kaye, kenaka wina abwere kudzakudzutsani anthu akuona. Lamulo ndi lomwelo, koma pamenepa n'kuchititsana manyazi.

Chitsanzo cha malamulo okhwima ndi Muirfield, kum'mawa kwa Edinburgh. Alendo amalandiridwa Lachiwiri ndi Lachinayi lokha, ndipo nkhomaliro yake, yomwe ndi yotchuka pafupifupi ngati bwalo lenilenilo, imadyedwa mutavala jekete ndi tayi. Mumasewera m'mawa, mumasamba, mumavala ngati mukupita ku ukwati, mumadya, kenaka mumavulanso n'kubwerera pabwalo. Pali anthu omwe mwambo umenewu amaukonda kwambiri, ndipo ndikuwamvetsa. Koma kalabu yomweyi mu 2016 inakana kulola amayi kukhala mamembala, chifukwa mavoti ovomereza sanafike pa mlingo wofunika. Okonza mpikisano waukulu wa gofu wa The Open anaichotsa pa ndandanda wa mabwalo awo, ndipo mu 2017 mamembala anavotanso n'kuvomera. Royal and Ancient nayo inavomera amayi mu 2014, patatha zaka 260. Ndiye nkhani ya yemwe alowe m'nyumba ndi yemwe atsale panja si yakale ayi.

Ife a kummwera kwa Africa nkhani imeneyi sitichita kuuzidwa. Papwa Sewgolum, mmwenye wa ku Durban yemwe anayamba ngati caddie (wonyamulira wosewera ndodo), anapambana mpikisano wa Natal Open mu 1963 ndi mu 1965, ulendo wachiwiriwo atagonjetsa katswiri wotchuka Gary Player. Chithunzi chake chomwe chinafalikira dziko lonse ndi cholandira chikho panja, mvula ikugwa, chifukwa malamulo a tsankho sankamulola kulowa mu clubhouse. Pabwalo anamulola, m'nyumba anamukaniza. Makalabu akale a kwathu nawonso ambiri anayamba ngati a atsamunda okhaokha, ndipo anthu a msinkhu wa bambo anakula akumva zimenezo. N'chifukwa chake ndikulimbikira kuti malandiridwe musawatenge ngati chowonjezera. Kwa munthu wotere, kukhala pansi m'nyumba ya kalabu ya ku Scotland, membala n'kumugulira chakumwa, n'chinthu cholemera.

Nanga mudziwa bwanji musanapite? Imbani foni, musangosungitsa pa intaneti. Nenani kuti mukubwera ndi bambo ochokera ku Malawi komanso mayi omwe sasewera, ndipo funsani ngati mayiwo angakhale m'chipinda chochezera nthawi yonseyo. Yankho lenilenilo pafupifupi kulikonse likhala inde, koma mvetserani mawu ake. Wina amati inde basi. Wina amayamba kukuuzani tebulo la pa zenera, njira yoyenda m'mbali mwa nyanja, ndi kuti supu wa tsikulo amakhala wotani. Funsaninso za khitchini, chifukwa m'makalabu aang'ono ena imatseka msanga kapena siitsegulidwa masiku ena a pakati pa sabata, ndipo kutuluka pabwalo wanjala, wonyowa, n'kupeza zitseko zotseka kumawononga tsiku lonse. Funsani ngati pali membala yemwe angakonde kusewera ndi bambo. Ambiri opuma pa ntchito amavomera mokondwa, ndipo pa mabwalo a m'mbali mwa nyanja, pomwe maenje amchenga ena saoneka uli pa tee, mnzako wodziwa malo amakupulumutsa ku zambiri.

Pali zina zomwe ziwadabwitse bambo. Kwathu caddie ndi wa tsiku ndi tsiku. Kuno anthu ambiri, ngakhale olemera, amanyamula okha chikwama kapena kukankha kangolo. Caddie amapezeka pa mabwalo akuluakulu, amapemphedwa pasadakhale, ndipo pamwamba pa malipiro ake pamafunika kangachepe. Pa Old Course ndalama imeneyo musaiumire, chifukwa popanda wolozera munthu sadziwa n'komwe komenyera. Chinanso, mwambo wathu wopuma pakati, kudya ndi kumwa maenje asanu ndi anayi akatha, si paliponse kuno. Malo ambiri amangopitiriza, ndiye muwaikire nthochi ndi madzi m'chikwama. Pa bala anthu amagulirana mosinthana, wina akagula ulendo uno, wotsatira ndi wanu. Ngati bambo samwa mowa palibe vuto, tiyi kapena chakumwa choziziritsa kukhosi cha Irn-Bru amawerengedwa chimodzimodzi. Ndipo inu oyendetsa galimoto kumbukirani kuti kuyambira Disembala 2014 mlingo wa mowa wololedwa kwa dalaivala ku Scotland ndi wotsika kuposa wa ku England, botolo limodzi likhoza kukupezetsani mlandu.

Ndikanakhala ine ndikanachita chonchi. Ndikanasungitsiratu tsiku limodzi ku Crail kapena ku Elie, lotsimikizika, ndi nkhomaliro ya onse atatu pambuyo pake. Lamulungu ndikanawatengera onse pa Old Course kukayenda ndi kujambula, kenaka ku Himalayas ngati kuli kotsegula. Mayere ndikanalowa a masiku otsalawo, akagwa ndi mwayi, akapanda kugwa bambo apondapo kale ndipo asewera kale gofu yeniyeni ya m'mbali mwa nyanja. Pobwerera madzulo muime pa doko la Anstruther mudye nsomba ndi tchipisi, mu Juni kumada cha m'ma 10 koloko usiku ndiye nthawi ilipo.

Ngati mukubwera pa sitima, St Andrews ilibe siteshoni. Mutsikire pa Leuchars, pafupifupi ola limodzi kuchokera ku Edinburgh, pamenepo mukwere basi kapena takisi. Ndodo asavutike kunyamula pa ndege, amabwereketsa, bola munene msanga ngati bambo amamenyera kumanzere. Ndipo mayi muwagulire jekete lotchinga mphepo ndi mvula asanafike, chifukwa Juni wa ku Fife nthawi zina amazizira kuposa wa ku Dedza.