Ndege zimatulutsa utsi kapena mpweya?

Mayi wina wolemba nkhani za chilengedwe watumiza chiganizo ichi kuti tichiunike: "Anthu ambiri akuthandiza malamulo ochepetsa utsi oipa wa ndege."

Mayi, zikomo. Penipeni pofunika kukonza ndi pa mawu akuti "akuthandiza". Timathandiza wodwala, wamasiye kapena mnzathu amene katundu wamulemera. Lamulo timagwirizana nalo kapena kulichirikiza, ndipo awiriwa ndi osiyana. Wogwirizana nalo akhoza kungovomera pakamwa pokha. Wolichirikiza amalilankhulira, amalivotera, amaloleranso kuti tikiti yake ikwere mtengo. Pa nkhani ya ndege kusiyanaku kumaoneka poyera: mu June 2021, anthu a ku Switzerland anakana pa voti lamulo loteteza nyengo limene linalinso ndi msonkho wa matikiti a ndege. Choncho ngati anthu a m'chiganizo chanu aja anangofunsidwa maganizo awo, lembani kuti "akugwirizana ndi". Mawu akuti "kuchirikiza" asungireni amene achitapo kanthu.

Nawo "utsi" ukhoza kusocheretsa owerenga. Utsi timauona, umatsamwitsa, umayabwa m'maso. Chimene chikudandaulitsa kwambiri akatswiri ndi carbon dioxide, mpweya wosaoneka komanso wopanda fungo, ndipo ndege zimatulutsa pafupifupi magawo 2.5 pa magawo 100 alionse a mpweyawu umene anthu amatulutsa padziko lonse. Ngakhale mizere yoyera imene ndege imasiya kumwamba ija si utsi ayi. Ndi nthunzi ya madzi youndana, koma nayonso imawonjezera kutentha kwa dziko.

"Oipa" ndi wa anthu oipa kapena malamulo oipa. Mpweya ndi utsi zimatenga "woipa". Vuto ili lafala kwambiri pa intaneti, ndipo ine limandiwawa mtima. Chiganizo chanu chikhale chotere: "Anthu ambiri akugwirizana ndi malamulo ochepetsa mpweya woipa wochokera ku ndege."

Bambo wina akufunsa ngati nkolondola kulemba kuti "dziko la France laletsa ndege". Ayi, bambo, womva angaganize kuti mabwalo onse atsekedwa. Mu 2023 dzikolo linaletsa maulendo ena apafupi okha, kumene sitima yapamtunda imafika pasanathe maola awiri ndi theka, monga kuchokera ku bwalo la Paris-Orly kupita ku Bordeaux, Lyon ndi Nantes. Lembani kuti "laletsa maulendo ena apafupi a pandege".