Tizikhungwa ta pamiyala ya mumtsinje

FUNSO: Ankolo, ndikamayenda m'mitsinje ya kumapiri ndimaona tizikhungwa touma titakakamira pamiyala, tooneka ngati kachilombo ka michira iwiri koma mkati mulibe kanthu. Ndi chani chimenechi? Nanga madzi akewo tingamwe?

YANKHO: Mphwanga, mwaona chinthu chabwino kwabasi. Limenelo ndi khungu lomwe kachilombo kotchedwa stonefly pa Chingerezi kafundula potuluka m'madzi. Tizilomboti tilipo mitundu yoposa 3,000 padziko lonse kupatula ku Antarctica, ndipo moyo wawo pafupifupi wonse umathera pansi pa miyala m'madzi ozizira othamanga.

Yaikazi imagwetsera mazira m'madzi, mazirawo amamira nkukamatirira pamiyala. Kamwana kakaswa kamakhala momwemo chaka chimodzi, mitundu ina mpaka zaka 3 kapena 4, kakungofundula khungu kopitirira ka 10 uku kakukula, ena amadya masamba ogwera m'madzi pomwe ena ndi alenje enieni, amagwira timphutsi ta tizilombo tinzawo, ndiye nawonso nsomba ngati trout zimawadya. Nthawi ikakwana kamakwawa nkukwera pamwala, nthawi zambiri usiku, khungu limang'ambika kumsana, nkutuluka kali ndi mapiko. Koma kuuluka kwake nkosalimba ndipo masiku ake amakhala atatsala ochepa, masabata angapo basi, ongokwerana ndi kuikira mazira. Chomwe chimandisangalatsa ine nchakuti m'mitundu yambiri yaimuna imamenya mimba yake panthambi ngati ng'oma, yaikazi nkuyankha, mpaka zitapezana.

Mukatembenuza mwala m'madzimo nkupeza kamwana kamoyo mukaone bwinobwino, michira iwiri, zikhadabo ziwiri kuphazi lililonse, ndipo ena ali ndi timaubweya topumira m'munsi mwa miyendo. Mukakaika m'kapu madzi nkuyamba kutentha muona kakunjanja, kukwera kutsika, ndiye kuti okosijeni wachepa kakuvutika, kabwezereni msanga ndipo mwalanso muubwezere mmene unalili.

Tizilombo timeneti sitipirira uve ayi. Anthu akadula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje mthunzi umatha madzi nkufunda, akalima mpaka m'gombe matope amakwirira mipata ya pansi pa miyala, ndipo timakhala m'gulu loyamba kusowa. Nchifukwa chake akatswiri oyeza mitsinje amatiwerenga.

Koma zakumwazo ayi, musadalire stonefly. Iye amangotiuza kuti madzi ndi ozizira ndipo ali ndi mpweya wokwanira, majeremusi otsegula m'mimba atha kukhalamo ndithu ngati kumtunda kumamwa ziweto kapena anthu amadzithandizira patchire. Wiritsani kaye kapena thiranimo klorini.