Kodi akuwerengadi kapena wangoloweza?

Mayi wina wa ku Chinamwali wanditumizira imelo. Mwana wawo ali mu Sitandade 2, ndipo akatenga buku la Chichewa la kusukulu amathamanga nalo osapunthwa. Koma tsiku lina mumsika wa Zomba adalephera kuwerenga chikwangwani cholembedwa kuti "Tikugulitsa matemba". Funso lawo n'lakuti: angadziwe bwanji ngati mwanayo akuwerengadi?

Mayi, ine ndikuganiza kuti waloweza. Musamukalipire. M'kalasi lodzaza, ana amabwereza mofuula zimene aphunzitsi anena, ndipo wamutu wakuthwa amasunga tsamba lonse ngati nyimbo. Akaona chithunzi basi, nyimbo ija yabwera.

Choncho bukulo libiseni kaye. Lembani malembo mosakaniza, pansi ndi kamtengo kapena papepala, ndipo mumufunse liwu la lembo lililonse, osati dzina lake lokha. Kenako maphatikizo: ma, ke, lu, si. Chichewa chimatikomera pamenepa, chifukwa malembo a liwu ndi asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa limodzi mwa amenewa.

Chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi mawu opeka. Lembani "fepu", "nipo", "tazi". Alibe tanthauzo, ndiye sangakhale atawamva kwa anzake. Akawatchula, ndiye kuti akulumikizadi maliwu. Akayang'ana kumwamba kapena kunkhope kwanu kudikira thandizo, mwapeza pamene pali vuto. Mayeso oyesa luso la kuwerenga la ana a m'makalasi oyamba, otchedwa EGRA, amene achitikapo m'sukulu za muno m'Malawi, amagwiritsanso ntchito mawu otere, ndipo amapatsa mwana mphindi imodzi. Inu wotchi isiyeni, imangomuopseza.

Akadutsa pamenepo, muyeseni povuta: "pala" ndi "phala", "ngozi" ndi "ng'ombe", kenako "nkhwangwa". Ana ambiri amagwa pa h ameneyo. Akuluakulufe nafenso pa WhatsApp timamudumpha, ndiye tisamadabwe.

Pomaliza mulembereni ziganizo zitatu za nkhuku yapakhomo panu, awerenge mokweza, mumufunse kuti nkhukuyo yatani. Alipo ana otchula bwinobwino koma osamva zimene atchulazo.

Lembani pamene wadodoma, mupite napo kwa aphunzitsi ake. National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga yomwe idayamba mu 2016, imaphunzitsa maliwu ndi maphatikizo omwewa, ndipo silabasi yathu imakonzedwa pafupi pompa, ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Mukanena kuti "amasokoneza b ndi d", aphunzitsiwo adziwa poyambira. Pakatha mwezi muyeseninso, koma ndi mawu opeka ena. Ajawa adzakhala atawaloweza.